Kathole Kosayenda pa Mzere

Mainza anali ndi ng'ombe imodzi. Dzina lake linali Maluba. Maluba anali wakuda bii. Mainza ankamukonda kwambiri. Koma Maluba anali kutali, ndipo Mainza ankafuna kumuona.

Mainza ndi mwana wa mchimwene wanga. Ine ndine azakhali ake. Timakhala kufupi ndi Monze, ku Zambia. Kwathu kuno mwana amadziwa ng'ombe asanadziwe nsapato.

Chilimwe chikafika, msipu umauma. Azibambo amatenga ng'ombe zonse. Amapita nazo ku madambo a Kafue. Kumeneko kuli msipu. Kumeneko kuli madzi. Amakhala komweko mpaka mvula iyambe. Atate ake a Mainza anali komweko. Maluba analinso komweko. Khola linatsala lokha.

Madzulo Mainza ankakhala pachipata cha khola. Ankayang'ana kumwamba. Ankayang'ana mitambo. Mtambo wina unali ndi linunda. Mtambo wina unali ndi mchira. Mitambo inkayenda pang'onopang'ono, yonse mbali imodzi.

"Azakhali, taonani," ankatero Mainza. "Uyo Maluba. Akudya msipu kumwamba."

"Maluba ndi wakuda," ndinkayankha ine. "Mtambo uwo ndi woyera."

"Wagona paphulusa, azakhali."

"Choka apo iwe, kasambe," ndinkatero. Koma nanenso ndinkayang'ana kumwamba.

Tsiku lina kunabwera munthu wa njinga. Anachokera kumadambo. Anali ndi fumbi mpaka m'nsidze. Tinamupatsa chibwantu, thobwa lathu la kuno. Anamwa. Anapukuta pakamwa.

"Mvula yayandikira," anatero. "Ng'ombe zikubwera. Zifika Lachisanu masana. Nanga Mainza ndi uti? Ndiwe? Maluba wako wabereka."

Mainza analumpha. Analumphanso. Anazungulira njinga.

"Thole lotani? Lakuda? Lalikulu? Lili ndi mawanga?"

"Udzaona wekha," anatero wa njinga uja. Anakwera njinga yake, napita.

Pabanja pathu pali mwambo. Thole limalandira dzina pachipata cha khola. Limalandira tsiku limene lafika pakhomo. Wotcha dzina ndi mwini ng'ombe. Koma mwini akasowa, amatcha aliyense amene waima pachipata. Thole siligona m'khola mwathu lisanalandire dzina. Ndipo dzina likatchulidwa, latchulidwa basi.

Vuto linali Milimo. Milimo ndi mchimwene wake wamkulu wa Mainza. Mwana ameneyu mayina sadziwa. Chaka china anatcha thole kuti Sopo. Chaka china anatcha thole kuti Wilibala. Ng'ombe yokongola, yonenepa bwino, koma dzina Wilibala! Mpaka lero imayenda mwamanyazi.

"Iwe Mainza," anatero Milimo. "Ukachedwa Lachisanu, wotcha ndine."

"Sindichedwa, achimwene."

"Dzina ndili nalo kale. Chidebe."

"Achimwene, musatero!"

"Chidebe Chobooka," anatero Milimo. Anapita akuimba likhweru.

Mainza anali nalo khumbo limodzi. Ankafuna kuima pachipata Lachisanu. Ankafuna kutcha yekha thole lake.

Tsono kusukulu kwa Mainza kunali nyanga. Inali nyanga ya ng'ombe yakalekale. Anaiboola, naimanga pachingwe. Lamulo lake linali lakuti pasukulu ana azilankhula Chingerezi chokha. Ukalankhula Chitonga, chilankhulo chathu, ankakuveka nyanga m'khosi.

Njira zoivulira zinali ziwiri. Umve mnzako akulankhula Chitonga, umuveke iyeyo. Kapena uime kutsogolo kwa kalasi, unene kankhani m'Chingerezi. Njira yachiwiriyi ana onse ankaiopa. Ndipo belu la Lachisanu likakupeza ndi nyanga, unkatsala. Anzako ankapita kwawo. Iwe unkasesa makalasi mpaka dzuwa litapendeka.

Ine nyanga imeneyo sindinkaikonda. Malo a nyanga ndi pamutu pa ng'ombe.

Mainza sankadana nacho Chingerezi. Ankangochiopa. Chingerezi sichinkayenda pa mzere. Mawu ena anali ndi zilembo zosatchula. Mpeni amati *knife*. Chilembo choyambacho amalemba, koma satchula. Mawu ena ankasintha nkhope. Kupita lero amati *go*. Kupita dzulo amati *went*. Mainza sankamvetsa. Choncho m'kalasi ankangokhala chete.

Mphunzitsi wake anali mayi Muleya. Anali mayi wa mawu ofatsa. Sabata imeneyo anajambula nyama pabolodi. Anajambula ng'ombe imodzi. Pansi pake analemba *cow*. Anajambula ng'ombe zambiri. Pansi pake analemba *cows*.

Mainza anamwetulira. Izi zinali zosavuta. Zikachuluka, mawu amamera kamchira.

Aphunzitsi anajambula ng'ombe yapagoli. Analemba *ox*. Anajambula ziwiri. Anayang'ana ana. Mainza analimba mtima. Anakweza mkono.

"*Oxes*," anatero.

Ana anaseka. Aphunzitsi anapukusa mutu mofatsa. Analemba *oxen*.

Kenaka anajambula nkhosa imodzi. Analemba *sheep*. Anajambula nkhosa zambiri. Analembanso *sheep*. Mainza anadikira kamchira kaja. Anadikira. Kamchira sikanamere.

"Aa! Chifukwa chiyani?" anafuula Mainza.

Anafuula m'Chitonga. Anangozindukira mawu atatuluka kale. Mnyamata wina wa kumbuyo anadzuka msangamsanga. Nyanga inali ndi iyeyo. Anathamanga, namuveka Mainza. Chingwe chinali chokanda. Nyanga inali yozizira.

Aphunzitsi anamumvera chisoni. Koma lamulo linali la sukulu yonse. Anamuyankha m'Chingerezi, mofatsa.

"Ndi mmene chilili Chingerezi, mwana wanga."

Munthu ukavala nyanga, anzako amakuthawa. Mainza akapita pampopi, ana ankatseka pakamwa. Akapita pamasewera a phada, ana ankatseka pakamwa. Aliyense ankaopa kumveka. Mainza ankayenda yekha. Nyanga inkamugunda pachifuwa. Gu, gu, gu.

Lachinayi linafika. Nyanga inali ikadali m'khosi mwake. Nthawi yopuma, Mainza anakhala kuseri kwa kalasi. Misozi inalengeza m'maso.

Chabota anamupeza komweko. Chabota anali mnzake wa ponda apa nane ndipondepo. Anakhala pafupi naye. Anafuna kumutonthoza m'Chingerezi. Anafunafuna mawu. Mawu sanabwere. Ndiye anangomukumbatira.

"Usalire, mnzanga," anatero Chabota. "Usalire. Thole lako silikhala Chidebe."

Ananena m'Chitonga. Pomwepo anagwira pakamwa. Onse awiri anayang'ana nyanga.

"Wandimva," ananong'ona Chabota. "Ndiveke basi."

Chabota anaweramitsa mutu. Mainza anagwira chingwe. Anachikweza pang'ono. Chinafika pachibwano. Anaganiza za thole. Anaganiza za Milimo ndi likhweru lake.

Kenaka anaganiza za njira ya Chabota. Chabota ankakhala kutali, kutsidya kwa mtsinje. Akatsala kusesa, adzayenda yekha. Mvula ikagwa, mtsinje udzadzaza. Adzaoloka ndi yani?

Mainza anabweza chingwe m'khosi mwake.

"Sindinamve kanthu," anatero.

"Wamva iwe!"

"M'makutu mwanga muli fumbi."

"Nanga thole?" anafunsa Chabota.

Mainza anadzuka, nabwerera m'kalasi.

Masana amenewo kunatentha kwambiri. Mainza anafika pakhomo ali ndwii. Ndinamupatsa mbatata. Anakana. Ndinamupatsa chibwantu. Anakana. Anapita kukhola.

Pafupi ndi khola pali mtengo wa msekese. Mainza anagona pamthunzi pake. Anagwira nyanga ija. Anaiika kukhutu. M'nyangamo munali mphepo. Fuuu, fuuu. Kuseri kwa mphepo kunkamveka ng'ombe. Zinkalira kutali, kutali kwambiri. Maso a Mainza analemera. Zimene analota anandiuza yekha.

Mitambo inatsika. Inatsika pang'onopang'ono. Inafika pansi, niima pamiyendo inayi. Sinalinso mitambo. Zinali ng'ombe. Zinali zoyera ngati choko. Iliyonse inali ndi mawu a Chingerezi panthiti pake. Zinadzaza bwalo lonse. Zinadzaza mpaka kumunda.

Mainza anatola ndodo.

"Pa mzere!" anafuula. "Nonse pa mzere! Mulowe m'khola!"

Ng'ombe yolembedwa *cow* inabwera yokha. Inali yofatsa. Inaima pa mzere. Zina zofatsa zinaima pambuyo pake. Zofatsazo zinali zambiri ndithu.

Koma *ox* inakana. Inapita kukaima pachulu. *Knife* inabwera ndi nyanga yaikulu patsogolo. Sinkagunda nayo kanthu. Inkangoinyamula. *Go* inazungulira kuseri kwa msekese. Inatulukira mbali ina itasanduka *went*. Mtundu wina, nkhope ina.

"Pa mzere!" anafuula Mainza. "Ndati pa mzere!"

Anathamangitsa iyi. Iyo inathawa. Anathamangitsa iyo. Iyi inathawa. Ngakhale zofatsa zija zinachita mantha. Zonse zinabalalika. Fumbi lake linali loyera mbuu.

Mainza anatopa. Anakhala pansi. Anayamba kulira.

Pakati pa zoyerazo panatulukira ng'ombe yakuda. Inkayenda mosafulumira. Inkagwedeza mchira. Anali Maluba.

"Mainza," anatero Maluba. "Ndodoyo ndi yachiyani?"

Mainza sanadabwe. M'maloto ng'ombe zimalankhula.

"Ndikufuna ziyende pa mzere," anatero.

"Kodi ine ndimayenda pa mzere?"

Mainza anaganiza. Maluba sankayenda pa mzere. Ankatsalira m'mbuyo nthawi zonse. Ankamwa madzi pamalo akeake. Pokama, ankalola mbali ya kumanzere yokha.

"Ayi," anatero Mainza. "Iwe ndiwe wamakani."

"Unandifunsapo chifukwa chake?"

"Ayi. Ndinangokuzolowera."

"Unandizolowera bwanji?"

"Ndinkakuitana. Unkakana. Ndinkakuitananso."

"Eya," anatero Maluba. Anabzikula pang'ono. "Taya ndodo. Itana."

Mainza anataya ndodo. Anaima pachipata. Anaitana ng'ombe yoyamba. Anaitana motsitsa mawu. Ng'ombe inadzutsa mutu. Inabwera. Anaitana ina. Inabwera. Anaitana *ox*. Inayang'ana kumbali. Anaitananso. Inatsika pachulu, nibwera ndi mnzake.

"*Oxen*," anatero Mainza. Zonse ziwiri zinagwedeza makutu.

Anaitana, anaitana. Zina zinabwera msanga. Zina zinabwera mochedwa. Zina zinangomuyang'ana.

"Maluba, zina zatsala!"

"Zisiye," anatero Maluba. "Atate ako sadikira zonse. Amatsegula chipata. Zoyamba zikalowa, zina zimatsatira."

Mainza anatsegula chipata. Ng'ombe zoyera zinayamba kulowa. Zinkalowa mwakachetechete. Ziboda zake sizinkamveka.

"Nanga thole lako lili kuti?" anafunsa Mainza.

"Udzaona wekha," anatero Maluba.

Maluba anayandikira. Anamunyambita pamphuno. Panali ponyowa. Panali pozizira. Mainza anatsegula maso. Silinali lilime la Maluba. Linali dontho la mvula. Dontho lina linagwa pachipumi. Nthaka inayamba kununkhira.

Kamvulako kanagwa pang'ono, n'kusiya. Ine ndinatuluka kukaanula zovala. Ndinamupeza Mainza pachipata. Khola linali lopanda kanthu. Koma iye ankaitana. Ankaitana mawu a Chingerezi, amodziamodzi. Ankaitana ngati mbusa.

Ndinaganiza kuti dzuwa lamuotcha mutu.

"Iwe, ukulankhula ndi yani?" ndinafunsa.

"Ndikuitana ng'ombe, azakhali."

"Ziti?"

"Za mawa."

Milimo anaseka chikhakhali. "Chidebe, bwera!" anatero. "Chidebe, bwera kuno!"

Mainza sanamuyang'ane. Anapitiriza kuitana.

Lachisanu linafika. Kumwamba kunali mitambo yambiri. Mainza anavala nyanga. Anapita kusukulu. Anakhala pamalo ake. Anawerenga. Analemba. Dzuwa linakwera. Belu linayandikira.

Mainza anakweza mkono.

"Nena, Mainza," anatero aphunzitsi.

Mainza analoza nyanga. Kenaka analoza kutsogolo. Ana onse anadabwa. Palibe mwana amene anasankhapo njira imeneyi.

Mainza anaima kutsogolo. Anayang'ana Chabota. Chabota anagwedeza mutu. Mainza anayang'ana pazenera. Mitambo inalipo. Wina unali ndi linunda.

Mainza anatsegula pakamwa.

Ananena kuti ali ndi ng'ombe. Ananena kuti ndi yakuda. Ananena kuti dzina lake ndi Maluba. Mawu ofatsa aja anabwera okha. Anabwera amodziamodzi.

Tsono anafuna kunena kuti Maluba anapita kutali. Mawu aja anathawira kuseri kwa mtengo.

"*Goed*," anatero Mainza.

Ana ena anaseka. Mainza anachita manyazi. Anafuna kukhala pansi. Koma anakumbukira Maluba. Anapuma. Anaitananso.

"*Went*," anatero.

Aphunzitsi anamwetulira.

Mainza anapitiriza. Mawu ena analowa chammbuyo. Mawu ena anakaniratu kubwera. Pamenepo ankanena ndi manja. Anaonetsa nyanga za Maluba. Anaonetsa kayendedwe kake. Anaonetsa mmene amatsalira m'mbuyo. Ananena za khola lopanda kanthu. Ananena za mitambo ya madzulo.

Ana anasiya kuseka. Onse anali ndi ng'ombe kumadambo. Onse ankazisowa. Mnyamata wa kumbuyo uja anatsamira chibwano padesiki. Ankayang'ana pazenera.

Aphunzitsi nawonso ankayang'ana pazenera. Mayi Muleya anakulira kubusa. Ali mwana, anali ndi ng'ombe yawoyawo. Choko chinali m'manja, koma anachiiwala.

Pomaliza Mainza ananena nkhani yaikulu. Ananena kuti Maluba ali ndi mwana. Ananena kuti akubwera lero. Ananena kuti iye sanamuonebe.

"Mayo!" anafuula aphunzitsi. "Wabereka? Thole lalikazi kapena lalimuna?"

Ananena m'Chitonga. Chitonga chenicheni, cha kukhola.

Ana anayang'anana. Kenaka mnyamata wa kumbuyo anadzuka.

"Nyanga!" anafuula.

"Nyanga! Nyanga!" anafuula ana onse.

Aphunzitsi anagwira pakamwa. Kenaka anaseka. Anaseka mpaka misozi. Ife anthu a kuno tili choncho. Ukatiuza za thole, timaiwala zonse.

Mayi Muleya anaweramitsa mutu.

"Pepani, aphunzitsi," anatero Mainza. "Ine sindinamve kanthu."

"Wamva, mwana wanga. Kalasi yonse yamva. Iwe wadziombola ndi nkhani yako. Nyangayi tsopano ndi yanga. Ndiveke."

Mainza anavula chingwe. Anaimirira ndi zala za kumapazi. Anawaveka aphunzitsi. Khosi la Mainza linapepuka.

"Lero wosesa ndine," anatero aphunzitsi. "Ndikatha, nyangayi ndipita nayo kukhola kwathu. Kwawo n'kumeneko."

Ngo, ngo, ngo! Belu linalira.

"Thamanga!" anafuula Chabota. "Udzandiuze dzina!"

Mainza anathamanga liwiro la mtondo wadooka. Anadutsa pampopi. Anadutsa pachigayo. Anadumpha ngalande. Kutsogolo kunali fumbi. Fumbi lalikulu, lofiira. M'fumbimo munkamveka ng'oma. Munkamveka malikhweru a abusa. Munkamveka ng'ombe. Mooo! Mooo!

Ife tonse tinali pachipata. Amayi ake a Mainza ankalulutira. Ine ndinali ndi ndowa ya chibwantu. Atate ake anafika atada ndi dzuwa. Anatsegula chipata. Ng'ombe zinayamba kulowa. Sopo analowa. Wilibala analowa, mutu uli pansi. Zinalowa, zinalowa.

Milimo anaima pachipata penipeni. Ankayang'ana kunjira ya kusukulu. Kunalibe munthu. Anakonza kukhosi.

Maluba anafika pomalizira, monga mwa nthawi zonse. Koma anali yekha.

"Nanga thole?" ndinafunsa.

"Ilo," anatero atate ake a Mainza. Analoza pachulu.

Pachulu panaima kathole. Kanali kakakazi. Kanali koyera mbee. Khutu limodzi lokha linali lakuda. Kanatsika pachulu. Sikanatsate amake. Kanapita kukanunkhiza mtondo. Kanathamangitsa nkhuku. Kenaka kanaviika mphuno m'ndowa yanga ya chibwantu.

"Iwe! Choka!" ndinakalipa. "Mwana wopanda mwambo!"

"Mwini wake kulibe," anatero Milimo. "Wotcha ndine. Dzina lake ndi Chide..."

"Achimwene, ayi! Mwini wake ndafika!"

Anali Mainza. Anali wefuwefu. Nsapato imodzi inali m'manja. Anaima pachipata, patsogolo pa Milimo. Anakumbatira atate ake. Anakumbatira khosi la Maluba. Maluba anamununkhiza. Anamunyambita pamphuno.

Kenaka Mainza anaona kathole. Anakayang'ana. Anakayang'ananso.

"Atate," anatero. "Maluba ndi wakuda."

"Inde."

"Nkhunzi yathu ndi yakuda."

"Inde."

"Nanga aka kayera chifukwa chiyani?"

Atate ake anakanda m'mutu. "Ndi mmene kalili, mwana wanga. Ndiponso sikamva. Njira yonse kandivutitsa. Zinzake kumanja, iko kumanzere."

Mainza anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira chipata.

"Ndakadziwa," anatero. "Dzina lake ndi Chingerezi."

Atate ake anaseka. Amayi ake anaseka. Abusa anaseka, ng'oma inalira. Ngakhale ine ndinaiwala za chibwantu changa.

"Chidebe linali dzina labwino," anadandaula Milimo. Anatola ndodo. "Chabwino. Ndikakakuse, kalowe m'khola."

"Tayani ndodo, achimwene," anatero Mainza.

Mainza anagwada pachipata. Anatambasula dzanja.

"Chingerezi," anaitana. "Bwera."

Kathole kanayang'ana kumbali. Kanagwedeza khutu lakuda lija.

"Waona?" anatero Milimo. "Kakana."

Mainza sanadandaule. Anadikira pang'ono. Anaitananso, motsitsa mawu.

"Chingerezi, bwera kuno."

Kathole kanadzutsa mutu. Kanayenda pang'ono. Kanaima. Kanakhotera kumtondo. Kanakhoteranso kunkhokwe. Kenaka kanabwera. Kanaika mphuno yake yonyowa m'dzanja la Mainza.

Mvula inayamba kudontha. Palibe amene anathawa. Mainza anadzuka, nalowa m'khola. Kathole kanamutsatira pambuyo, kakudumpha uku ndi uku. Atate ake anatseka chipata.